Nyemba za Apamwamba

"Ba Phiri, ngati mufuna nyeleti pitani kwa dokotala wa ng'ombe!"

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Mawu amenewo mayi wina kuchipatala anandikalipila ine, bambo wa ana asanu, pamaso pa anthu. Ndaima pano kuti ndichitile umboni za dzanja ili.

Mukundidziwa, ndimadula nsalu m'sitolo ku Kamwala. Tsiku lina tikumasula belo la nsalu, lamba wachitsulo anaduka n'kunditema pamkono apa, mitsempha ya zala n'kuduka. Kuchipatala anasoka, anamanga chikhakha. Atachichotsa, zala zinali zouma ngati nkhuni. Sizasi osagwilika. Mwini sitolo anati mwezi ukatha ndisanayambe kudula, aika wina.

A kuchipatala ananditumiza kwa sisita wina wophunzitsa manja kugwilanso nchito. Ine ndinapinda malaya kudikila nyeleti ya jekeseni. Iye anabwela ndi beseni la madzi ofunda ndi mbale ya nyemba. Ati viikani dzanja, kenako tolani imodzi imodzi. Nyemba, abale. Ine wofika Fomu Fili, kutola nyemba ngati nkhuku. Akatelo ankagwila chala chilichonse n'kuchipinda mpaka ndione nyenyezi.

Tsono tisanamizane m'nyumba ya Mulungu. Masiku ano sopo mumaupeza bwanji? Mafuta ophikila? Kutsogolo amati zatha, kuseli zikutuluka. Ndiye ndinati mumtima, mankhwala enieni alipo, akusungila apamwamba a ku Kabulonga, ife a ku Kabwata atinamize ndi ndiwo. Ndinamuuza m'maso. Ndinati mayi, jekeseni mwabisa kuti, mukugulitsa kwa ndani? M'pamene anandikalipila za ng'ombe zija. Mbale ija ndinaikankha, n'kutuluka.

Ndinakhala kunyumba, dzanja m'thumba. Zala zinayamba kukhotela mkati. Amake ana ankandimangila mabatani m'mawa. Anati, "Atate ake Tisa, mkwiyo wanuwu tidzadya?" Ndinati khalani chete, ndikufufuza.

Ndinafufuzadi. Odwala anzanga anali atandiuza za bwana wina wothyoka mkono, amene amabwela pa galimoto yakuda n'kulowa osaima pamzele. Ndinati ameneyo ndiye wa jekeseni. Ndinapita kuchipatala, ndinazungulila kuseli kwa chipinda chija, n'kuima pa njelwa pansi pa zenela. Ndinapemphela, inde ndinapemphela, koma pemphelo lake linali lakuti Ambuye ndithandizeni ndimugwile mayi ameneyu.

Ndinasuzumila. Bwana uja, suti ya safali, mimba uko, wakhala pampando womwe ndinkakhala ine. Patsogolo pake mbale. Akutola nyemba, thukuta kamukamu, nyemba ina ikugwa pansi. Sisita anamugwila chala n'kupinda. Bwana analila, "Mayo, sisita, pang'onopang'ono." Sisita anati, "Ba bwana, musandichedwetse, china."

Ndinadikila mpaka anatuluka, kuti mwina nyeleti ibwela pothela. Sinabwele.

Abale, ndinapempha kuti ndigwile wakuba, Mulungu anandionetsa munthu wamkulu akulila ndi nyemba. Musaseke, amayi a chigwilizano, ndikukuonani. Mpaka lelo kabati ya mankhwala ya m'chipinda chija sindinaione mkati, ndipo sindinganene kuti mulibe kanthu. Koma onani. Chala ichi, ichi, ichi. Chaching'onochi chikadali ndi mwano ngati mwini wake. Sizasi ndikugwila, nchito sinandithele, malaya awa ndamanga ndekha. Ndikuthokoza Mulungu, ndipo kondwelani nane, muimbe ndithu.

Koma mudziwe mmene ndinabwelela. Nditasuzumila paja, kutacha ndinali woyamba pabenchi. Sisita atatsegula chitseko anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kunsapato. Anati, "Ng'ombe zakana?"

Ndinalowa, ndinakhala pansi, ndinaika dzanja patebulo. Ndinati, "Pindani, mayi. Koma mupinde ngati mmene munapindila wa galimoto uja. Ndinaona, musandichepetsele."