Tsiku limene bokosi la maliro linakhotera kwathu

Moni nonse amene mumawerenga tsamba lino. Ine sindine mlaliki, ndipo sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2, choncho musayembekezere mawu okometsera. Dzina langa ndi Gwamaka, wa ku Kaporo. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene anthu a m'mudzi mwathu anabwera kudzapha adada anga, ndi mmene Mulungu anawaletsera.

Chaka chimenecho mtsinje unasefukira n'kukokolola mpunga wa anthu ambiri. Munda wa adada uli pamalo okwererapo pang'ono, ndiye wathu unatsala. Anthu atationa tikupuntha mpunga iwo alibe kanthu, moni anayamba kuchepa. Amama akafika pa mjigo, macheza ankathera pomwepo. Ine ndimapalasa kabaza, ndipo pa siteji anzanga ankandifunsa akuseka kuti, "Mdala wako amathira feteleza wanji, wa m'thumba kapena wa anthu?" Ndinkawatukwana n'kuchokapo.

Kenako Lusekelo, mwana wa mng'ono wawo wa adada, anadwala mutu, khosi n'kuuma, ndipo anamwalirira kuchipatala ku Boma. Anali wa msinkhu wanga, tinakula limodzi tikuingitsa mbalame m'minda ya mpunga. Madokotala anatchula matenda ake, koma kumudzi palibe amene anafuna kumva zimenezo. Anthu anali atasankha kale woti amunene kuti ndi mfiti.

Pa siwa ndinaona azibambo akunyamuka mmodzimmodzi pa benchi imene adada anakhalapo, mpaka anatsala okha. Ndinawakokera kuseri n'kuwauza kuti ndiwakweze njinga mpaka pamsewu, akwere minibasi apite kwa achemwali anga ku Uliwa. Anakana. Anati, "Ndithawe maliro a mwana wanga? Ndiye anthu anena kuti chiyani?" Ndinawayankha mwamwano kuti anthuwo anena kale. Anangovomera kukakhala kunyumba.

Kwathu kuno anthu amakhulupirira kuti bokosi likhoza kukana kupita kumanda, n'kumakoka olinyamula mpaka pakhomo pa amene anapha munthuyo. Ine ndanyamulapo mabokosi ambiri, ndipo ndikudziwa kuti bokosi limapita kumene mapewa alikankhira. Mwambo wa mpingo utatha, dzuwa lili pamutu, anyamata ananyamula Lusekelo. Atayenda pang'ono anayamba kudzandira ngati aledzera. Anasiya njira ya kumanda n'kulowa kanjira ka m'nthochi kopita kwathu. Nyimbo inadukira pakati. Ndinaona anthu akuwerama kutola miyala, ndipo wina anali ndi botolo la petulo limene sanalibise n'komwe.

Ndinathamanga kudzera m'minda, ndinatsekera adada m'nyumba, ndipo ndinaima pakhomo ndi chikwanje. Ku Boma ndi kutali, apolisi ochokera kumeneko akanapeza phulusa. Kutchalitchi ndinali nditasiya kalekale, chifukwa ndinkaona kuti Mulungu amene anandipatsa nzeru n'kundisiya ndikupalasa njinga alibe nane ntchito. Koma nditamva phokoso likuyandikira m'nthochimo, ndinapemphera. Silinali pemphero laulemu. Ndinati, Mulungu, ngati mulipo bwerani pano msanga, chifukwa ine ndipha munthu lero kapena andipha.

Bokosi linatulukira pabwalo pathu, khamu lili pambuyo. Mwala woyamba unagwa pa malata. Ndinamva adada akutsokomola m'katimo.

Apo ndi pamene amayi ake a Lusekelo anadutsa pakati pa anthuwo. Namfedwa amayenda atagwiridwa ndi amayi anzake, koma iwo anali atawakutumula onse, ali opanda nsapato, mawu atasasa ndi kulira. Ndinaganiza kuti abwera kudzaloza adada chala. Anafika n'kukhala pansi pakhomo penipeni, msana wawo utatsamira miyendo yanga. Osanditembenukira anati, "Gwamaka, taya chikwanjecho, ukundichititsa manyazi." Ndinachitaya.

Kenako anayang'ana onyamula bokosi aja. "Tulani mwana wanga pansi. Iwe Atusaye, ndakuona ukukhotetsa phewa kuyambira pamsewu. Kuchipatala unabwerako iwe? Ine ndinali pomwepo, ndipo mwana wanga anapita akupemphera, sanatchule munthu." Wina kumbuyo anakuwa kuti magazi a Lusekelo ayenera kulipiridwa. Amayi ake a Lusekelo anati, "Magazi olipirira anthu anakhetsedwa kale pamtanda, ndipo anakwana. Inu mukufuna ena a chiyani? Amene akufuna kuotcha nyumba ino ayambe ndi ine, muike awiri lero."

Palibe munthu kwathu kuno amene angagende namfedwa mwana wake asanaikidwe. Ine ndinkangoyang'ana botolo la petulo lija. Atusaye ndiye anayamba kutsitsa phewa, enawo n'kutsatira. Akuluakulu a mpingo, amene nthawi yonseyi anali kumbuyo kwenikweni, anapeza mawu awo n'kuyambitsa nyimbo. Atalinyamulanso, bokosi lija linapita kumanda osadzandira ngakhale pang'ono.

Patapita masiku ndinakawafunsa amamawo chifukwa chimene anachitira zimenezo. Anandiuza kuti nawonso maganizo oipa aja anawabwerera, chifukwa anthu ankawanong'oneza dzina la adada pa siwa ponse. Anati anauza Yesu kuti mtima wawo ukufuna munthu woti amude, ndipo anakumbuka kuti Iyenso anaphedwa ndi khamu lokuwa, popanda mlandu. Atamva nyimbo itaduka, anangopezeka akulowera kwathu.

Musaganize kuti zonse zili bwino tsopano. Ena mpaka lero satipatsa moni, ndipo adada sapita okha pamaliro. Ine ndidakali pa kabaza, ndipo mkwiyo sunandithere. Atusaye timaima naye siteji imodzi, ndipo masiku ena ndimafuna kumuswa. M'malo mwake ndimamuuza za mtanda, zomwezo zimene ndinamva ndili chiimire pakhomo paja, chifukwa ndi zokhazo zimene ndikuzidziwa bwino. Nthawi zina amandiseka, nthawi zina amakhala duu kumvetsera. Ndinabwerera kutchalitchi, ndipo ndimakhala kumbuyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la munthu ngati ine, ndipo ndikuthokoza amama aja amene analalikira mwana wawo ali m'bokosi patsogolo pawo. Inu amene mwazingidwa ndipo simukuona kothawira, pempherani ndi mawu amene muli nawo, musaleke. Ndipo inu Akhristu anzanga, tsiku limene khamu lidzakhotere pakhomo pa mnzanu, musadzayende kumbuyo mukudikira kuti wina ayambitse nyimbo. Mudzapite mukakhale pakhomopo.