Makina a gitala amene anandikhazika pa benchi

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ena mwayamba kale kuseka, ndikukuonani. Sekani ndithu, munalipo, munamva ndi makutu anu.

Kwa alendo, ine ndi amene ndimaimba gitala mu kwaya ya mpingo uno. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma kuwerenga sindinaleke iyayi. Nyuzi imene amakulungira usipa ku msika wa Ntaja ndimaiwongola n'kuiwerenga yonse. Ndiye ndinkadziona ngati palibe chingandikanike, bola chikhale cholembedwa.

Mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira makina a gitala. Ndi kabokosi kakuda koika pansi, mbali ina umalumikiza gitala, mbali ina sipika, n'kumaponda ndi phazi kuti kamvekedwe kasinthe. Anabwera ndi kabuku ka Chingerezi. Ndinati, ine amene ndinamaliza Levitiko osadumpha vesi, ndiope kabuku aka?

Abale anga, ndinavutika. Ndinavutika! Dikishonale pambali, liwu lililonse ndalipezera tanthauzo, koma ndikawalumikiza mawuwo tanthauzo lathawa. Komabe ndinkapotokola mabatani mpaka gitala yamveka mofatsa. Magetsi akangothima n'kuyakanso, zonse ndakonza zija zapita. Makina abwerera ku kamvekedwe kamene anabwera nako, gitala kulira ngati chigayo. Ndikonzenso. Magetsi athimenso. Ndikonzenso. Ndipo magetsi a kwathu kuno mukuwadziwa, satsanzika.

Ndiye linafika Lamulungu la Mgonero lija. Magetsi anathima abusa akulalikira, jenereta inayatsidwa, ine osakumbuka kuti makina aiwala kale zonse. Nyimbo yapansipansi, mpingo wonse watsinzina. Nditangokhudza nsambo, gitala inabangula. Amayi ena kutsogoloku anataya kakapu, ana analira, abusa anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Mayi, ngati muli muno, pepaninso.

Titaweruka, atsogoleri a kwaya anandiitanira kuseri. Anati, "Achimwene, musankhe. Makinawo muwasiye kunyumba, kapena mukhale nawo pa benchi. Tikamapita ku msonkhano wa makwaya ku Rivirivi zisanatheke, tifuna woimba wina." Munthu wanzeru akanasiya makina. Ine ndi liuma langa ndinasankha benchi, poti ndinkati mawa ndiwagonjetsa. Komanso mlamu ankaimba foni tsiku ndi tsiku kufunsa kanema wa ine ndikuponda makinawo m'tchalitchi.

Masabata asanu ndili pa benchi ilo kumbuyoko. Masabata asanu! Kwaya ikuimba, zala zanga zikugwira nsambo pa bondo, gitala palibe. Ndinkafika kunyumba mtima utatupa, ndikakalipire aliyense. Tsiku lina, musanene kunja izi, ndinawasanjika manja makinawo n'kuwadzudzula. Mayi a kunyumba ataima pakhomo anati, "Bambo, makinawo alibe chiwanda. Vuto ndi loti inu simufunsa." Anandikumbutsa za Che Saidi a ku Balaka, Msilamu woimba gitala m'maukwati, amene anaimba pa ukwati wa msuweni wawo.

Ndinakwera minibasi, makina pa miyendo, manyazi pamtima. Nditafika ndinawapatsa kabuku kaja kuti aone pamene ndadula mizere. Anakaika pa tebulo n'kusanjikapo kapu ya tiyi. Anati, "Ambuje, mumaimbira kuti? Makinawa sakonzedwera ku Balaka kuti akamveke ku Ntaja. Ndibwera konko."

Anabweradi Lachiwiri m'mawa. Pakhomo ilo anavula nsapato, ine ndikuti kuno sitivula, iwo ati, "Ndi nyumba yopemphereramo, eti?" Anaima pakati apa n'kuwomba m'manja kamodzi. Phokoso linagunda malata n'kubwerera. Ati, "Mwamva? Tchalitchi chanu chimabwereza mawu chokha. Inu mwauzanso makina kuti azibwereza. Ndiye anthu amve chiyani?"

Kenako anaika manja kumbuyo. Makina sanawakhudze ngakhale pang'ono. Ndinawachonderera kuti angondikonzera, ati, "Ndikakonza ine, sabata ya mawa mudzakweranso minibasi." Anandithimitsa zokometsera mawu zonse za m'makinawo mpaka yatsala gitala yokhayokha, kenako kuyatsa chimodzi, kuimba, iwo ali ku benchi lomaliza kumvetsera. "Chepetsani." Ndichepetse. "Mwapyola." Ndibwezere. "Iyayi, batani linalo." Thukuta kamukamu, dzuwa lafika pamutu, ine mumtima ndikuti kodi munthuyu wabwera kudzandithandiza kapena kudzandilanga?

Pomaliza gitala inamveka bwino, moti sindinaimvepo choncho. Ati, "Sungani tsopano." Ndinadina batani losungira, ndati ndasunga. Che Saidi anayenda pang'onopang'ono kupita pa khoma n'kuzula pulagi. Atabwezera, chigayo chija chayambanso. Ntchito ya m'mawa wonse yapita.

Abale, ndinakhala pansi pa simenti. Bambo wamkulu, wa imvi, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha kabokosi. Ndinati, "Basi, atengeni, mukaimbire maukwati." Iwo anagwada pambali panga n'kuloza kagalasi ka makinawo. Ati, "Mwadina kamodzi. Mukadina kamodzi, makina amakufunsani kuti ndisunge pa nambala iti, n'chifukwa chake nambala imaphethira. Mudinenso kachiwiri, ndiye mwayankha." Masabata onse aja makina ankandifunsa funso, ine n'kumachokapo osayankha. Ndipo zinalembedwa m'kabukumo, pa tsamba limene ndinaliwerenga kanayi.

Anandiyambitsanso pachiyambi, ndekha. Ndinadina kawiri. Ati, "Kazuleni nokha pulagi." Ndinazula, ndinabwezera, kamvekedwe kali pompo. Ndinazulanso, kali pompo. Kachitatu anaseka n'kunena kuti, "Muthyola soketi ya mpingo." Ndinangoti sikomo kwejinji, zikomo kwambiri m'chilankhulo chawo.

Lachinayi atsogoleri a kwaya anamvetsera nyimbo imodzi yonse manja ali m'thumba. Potuluka anangoti, "Lamulungu mubwere msanga." Ndiye lero mwandiona ndaima pamalo panga, ndipo palibe mwana walira.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditsitsa mpaka ndinafunsa, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene sindikanamuganizira. Ndikuthokoza mayi a kunyumba, anandipirira ndili wolusa. A kwaya, zikomo pondisungira malo. Che Saidi muziwakumbukira m'mapemphero, iwo ndi banja lawo. Tsono abusa, ngati mundilola, ndinyamule gitala. Imirirani abale, kondwerani nane. Amayi, nthungululu zimveke mpaka kumsewu, ndipo inu a ng'oma, musandisiye ndekha. Aleluya!