Makasu a Stafford Nakoma

Amene agona m'bokosimu ndi a Stafford Crispin Nakoma, obadwa pa 9 Juni 1980 konkuno kwa Nchilamwela, m'boma la Thyolo. Mbiriyi ndalemba ndine Eneless, mng'ono wa mayi awo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndiye ndikamakakamira musaseke, zilembo ndi zanga zomwe koma zina zikundikana. Ndiyambe ndi zimene nonse mukunong'onezana: manda sanakumbidwe. Adzukulu, motsogozedwa ndi a Elijah, aika makasu pansi, ati malemu sankayenda m'maliro. Si bodza. Koma mumve kaye.

Malemu anali mwana yekhayo wa a Crispin, kapitawo wa othyola tiyi, ndi achemwali anga a Ellen. Sukulu anayambira pa esiteti pompano. Bambo awo atamwalira, a Ellen ankalera ana a dokotala wina wa ku Canada, ndipo pobwerera kwawo mu 1992 dokotalayo anatenga mayi ndi mwana. Ine anandisiya, ati ndimalongolola. Malemu anamalizira sekondale ku Edmonton, mu 2001 n'kulowa usilikali wa dziko limenelo, gulu loyenda pansi, lija limaonana ndi mdani maso ndi maso.

Mu 2006 anawatumiza ku nkhondo ku Afghanistan, dera la Kandahar. Zimene ndinene apazi anandiuza okha, kamodzi kokha, tikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Ankamenyana m'minda ya mphesa yokhala ndi makoma adothi, dzuwa loti kuphika dzira pachipewa. Tsiku lina munthu anatulukira pakona ya khoma ali ndi mfuti, pafupi ngati pamene akhala abusawo. Anayamba kuwomba ndi malemu. Munthuyo anagwa chokhala, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'mphuno, maso ali pa iwo mpaka kutsirizika.

Patangotha masiku anayi, mnzawo wapamtima, dzina lake Peterson, anaponda bomba lokwiriridwa m'njira. Khoma linamugwera n'kumukwirira. Malemu anakumba ndi manja, zikhadabo zikuzuka, zipolopolo zikumenya dothi pambali pawo kuti di, di, di. Anapeza mutu, anapeza chifuwa, anakoka. Munthu anatuluka mopepuka ngati mwana, miyendo inatsala momwemo. Anafera pamiyendo pawo akupempha madzi. Malemu sanadziwe n'komwe kuti nawonso chitsulo chawalowa kumsana, anaona nsapato itadzaza magazi. Asanachoke dziko limenelo anasenza paphewa mabokosi asanu ndi limodzi a anzawo kukakweza m'ndege.

Mu 2013 anabwera kuno ndi thupi la mayi awo, ndipo za tsiku limenelo ambiri munalipo. Fosholo yoyamba itagwetsa dothi pabokosi kuti di, malemu anakuwa, analanda fosholoyo n'kumenya nayo a Elijah. Nsagwada inathyoka, mano atatu tinatola pamtumbira wa eni. Amuna asanu ndiwo anawagwetsa pansi, iwo akukumbabe dothi ndi zala, akuitana Peterson. Anapita kukapepesa katatu, a Elijah osatsekula chitseko. Sindikuwanena ayi, munthu anatha miyezi iwiri akumwa phala lamadzi, pakamwa pali waya.

Ine ndinawafunsa kuti, "Kodi mwana iwe, ku Canadako maliro amaika chomenyana?" Sanaseke. Anati, "Mayi aang'ono, ndikamva dothi likugwa sindionanso Thyolo. Ndikapitanso kumanda ndidzapha munthu." Kuyambira pamenepo sanapondenso pamaliro, ngakhale a amalume awo.

Ku Canada sanabwererenso. Mu 2015 anakwatira a Vailet a kwa Mphuka, mkazi wolimba mtima amene anaphunzira kuika poto pansi mosagunda. Malemu anagwira ntchito ya mkulu wa alonda pa esiteti zaka zisanu ndi zitatu osanyamula ngakhale chibonga. Wakuba nkhuni akagwidwa, anthu atayamba kale kumuswa mutu ndi miyala, iwo ankamugonera pamwamba mpaka apolisi afike. Chipsera cha pachipumi chija chinali cha mwala wa munthu wa m'mudzi muno, ndipo ndikumuona, wavala jekete la eni. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo, kuimba besi yosokoneza kwaya yonse.

Tsopano ndiulule tchimo langa, abusa mutseke khutu limodzi. Uthenga wa maliro ukangomveka, malemu ankakwera minibasi kupita ku boma, kukagula khasu, kapena piki, kapena fosholo. Ankanola okha, mpini kusema okha, n'kundipatsa ine. Ankati, "Mukapereke kwa adzukulu, koma dzina langa lisamveke, a Elijah angataye." Ine ndinkapereka. Inu n'kumaomba m'manja kuti a Eneless ndi mayi wachifundo, n'kumandipatulira chiwindi pa chakudya cha adzukulu. Ndinkadya ndithu, ndipo chinkakoma. Koma inunso adzukulu, nzeru zinapita kuti? Nkhalamba yopempha fodya kwa aliyense ingagule piki? Tembenuzani mipini yanu. Kumapeto kwa uliwonse kuli mizere isanu ndi umodzi yowotcha ndi waya. Amenewo ndi mabokosi aja anakweza m'ndege. Zaka khumi ndi ziwiri, palibe manda a m'mudzi muno amene anakumbidwa popanda dzanja la a Stafford. A Elijah, akazi anu munawagoneka ndi khasu la munthu ameneyu.

Chitsulo chija madokotala anachisiya kumsana, ati kuchichotsa n'kupha munthu. Chaka chino chinayamba kuwavuta, miyendo inafooka, kenako impso. Anagonekedwa m'chipatala ku Blantyre milungu itatu, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 14 Okutobala 2025, ali ndi zaka 45.

Asiya akazi awo a Vailet, ana awiri, Mtisunge ndi Gracious, apongozi awo a Sellah, asuweni ambirimbiri amene atulukira lero, ndi ine mayi wawo wamng'ono, wakuba mbiri ya eni.

Asiyanso khasu ili ndanyamulali. Analikhoma mpini asanapite kuchipatala, atadwala kale, mizere yake yokhotakhota. Anati, "Ili mudzanene kuti ndi langa." Ndanena. A Elijah, nali. Mukalikana ndikakumba ndekha, koma ndi msana wangawu maliro tidzaika pa Khirisimasi, ndipo mudzakumbabe, manda a ine.

A Stafford, mwana wa achemwali anga, dothi la lero ligwe mmene lingagwere, inu simulimvanso. Apumule mu mtendere.