Tambula Imodzi mu Bala ya Azungu

Aulutsi ndi omvera, ndine nkhalamba ya ku Limbuli. Sindikonda zolankhula zambiri.

Nthawi ya Chitaganya ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi. Tsiku lina anandituma ku Blantyre. Nditaweruka, ndinakonza tayi n'kulowa mu bala ya azungu, momwe ankasakaniza mowa ndi zipatso. Ife akuda ankatigulitsira pawindo, kuseri.

Woperekera zakumwa anali wakwathu, ndinamudziwira kalankhulidwe. Anandinong'oneza kuti, "Achimwene, chonde zungulirani kuwindo. Mundichotsetsa ntchito, ndili ndi ana."

Ndinati, "Nanenso ndagwira ntchito ngati iwowa. Thirani."

Anathira m'tambula. Ndinamwa. Zinali zotsekemera ngati za ana. Mzungu woyang'anira bala anabwera. Anangotenga tambulayo n'kuiswa, kenako anaitanira mnzangayo kuseri.

Chaka chotsatira ndinamupeza woperekera zakumwa uja, ntchito ya ku bala itamuthera, akuthyola tiyi pa esiteti yathu, dengu kumsana, mvula ikumukwapula. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Moni abwana akalaliki. Ludzu lija linatha?"



Kulowa kuja sindinalakwe, mpaka lero ndimatero. Koma achinyamata inu, musanaonetse chamuna, yambani mwaona amene chidzamugwere. Ine ndinakalambira pampando. Iye anakalambira m'mizere ya tiyi.