Chala cha Amuna Anga pa Njerwa

Linali Lachitatu m'mawa, nthawi ya nkhondo, ndikukumba mbatatesi kumunda kwathu ku Tsangano, pamene anthu a mfuti anafika pasikola, pamene ana ankaphunzirira. Amuna anga ankamanga chipinda chatsopano pamenepo. Anthuwo anawasenzetsa katundu n'kulowa nawo m'phiri. Sanabwerenso. Achibale anakwirira thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, koma mtima wanga unakana kuti manda ndi amenewo.

Amuna anga poumba njerwa ankadinda chala chachikulu m'mbali mwake isanaume. Titabwerako kothawa nkhondo ku Malawi, ndinapeza khoma lawo lili chiimire, lopanda denga, zala zija zikuoneka.

Mwezi watha adiministiradori, mkulu wa boma kwathu kuno, anaitanitsa msonkhano. Anati pamalopo amangapo sikola yaikulu, univesidade, khomalo aligwetsa, koma dzina la amuna anga alilemba pakhomo powalemekeza. Anthu anaomba m'manja.

Ine ndinaimirira. "Bambo adiministiradori, zikomo, koma ine kuwerenga sindidziwa. Dzinalo ndidzalizindikira bwanji? Chimene ndimachidziwa ndi chala chawo."

Iwo anati, "Mayi, katengeni njerwa zimene mungathe."

Ndinasenza imodzi yokha. Ndinakaiika pamanda a nthochi paja, ndipo Loweruka lililonse ndimapita kukasesapo.