Mapaipi amene bambo anga sanaiwale

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Tadala wa ku Chilomoni, ndipo chaka chathachi ndinatsala pang'ono kusiya maphunziro anga a masitazi.

Kafukufuku wanga ku yunivesite anali wa masamu. Pogwiritsa ntchito mapu akale a mapaipi, ndinkawerengera pa kompyuta mmene madzi amayendera m'mapaipi a kwathu, kuti tidziwe chifukwa chake mipopi ya kumtunda imauma pamene ya kumunsi ikutulutsa madzi. Kompyuta inkawerengera mobwerezabwereza mpaka yankho litakhazikika, koma yankholo linkati kwathu madzi ndi ambiri, chikhalirecho mpopi wathu unali gwa. Miyezi isanu ndi iwiri ndinasinthasintha njira zowerengera osaphula kanthu. Aphunzitsi ondiyang'anira anandiuza mwachifundo kuti ndatsala ndi mwezi umodzi basi.

Ndinayamba kudziona wopanda nzeru. Kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo, nyimbo osatuluka. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala lakuti, "Ambuye, ndionetseni pamene ndikulakwitsa."

Lamulungu lina masana ndinakhala pakhonde ndi bambo anga. Iwo anagwira ntchito yoyala mapaipi zaka zambiri, koma matenda a shuga anawatseka maso.

"Tadala, masiku ano suseka. Tandiwerengera mapu akowo," anatero.

Ndinawawerengera pongofuna kuwasangalatsa. Nditafika pa paipi yokwera chitunda cha kuseri kwa msika, anandigwira dzanja.

"Wati mainchesi sikisi? Ayi mwanawe, ndi folo. Tinaikwirira ndi manja awa, mapaipi aakulu atatha. Ndipo nthambi ya kumanzereyo tinaitseka kalekale."

Mapu akale amene ndinkadalira ndiwo anali olakwika, masamu anga anali bwinobwino. Sabata yonseyo tinayenda m'misewu, iwo atagwira phewa langa, akutchula paipi iliyonse ngati akutchula ana awo. Nditakonza manambala, yankho linagwirizana ndi zimene ndinayeza pamipopi. Ndinalira, iwo akundiseka kuti pulambala wagonjetsa kompyuta.

Ndinamaliza, abale, ndipo dzina lawo lili patsamba loyamba la buku la kafukufuku wanga. Sangaliwerenge, choncho amandiuza kuti ndiwawerengere alendo onse obwera kunyumba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha kudzera mwa munthu amene ine ndinkangoti ndi wofunika kumusamalira. Inu amene mwatopa, musaleke kupemphera, ndipo akuluakulu amene muli nawo pakhomo muzicheza nawo. Ambuye akudalitseni.