Manda Oyamba a pa Tikujumpha

Malemu anabadwa pa 12 Malichi 1924 m'mudzi wa Msampha ku Dowa, ndipo dzina lawo ndi Bambo Yoram Kachigunda Mbewe. Ine ndine Thomson, mwana wa mlongo wawo. Mafumu, abusa, atcheyamani a Chipani ndi anamalira nonse, lole yomwe yaima pafupi ndi chigayo ija tabwera nayo ndife, kudzatenga thupi. Kwathu adzukulu anakumba kale dzulo, ndipo mayi anga, a Selina, akudikira mlongo wawo. Ndikudziwa kuti zimenezi zakuvutani mumtima. Ndiloleni ndiwerenge kaye mbiri yawo, zomwe banja lagamula ndinena pomaliza.

Mu 1933 malemu anayamba sukulu ya mishoni, koma analekeza Sitandade 3 bambo awo atamwalira. Anakaphunzira ukalipentala kwa mmisiri wina ku Mponela. Mu 1954 anamva kuti a zankhalango akulemba anthu odzala paini ku Luwawa, ndipo anatsanzika kuti akangogula njinga abwerera. Njingayo anaguladi, koma ife kwathu tinangoimva mbiri.

Mu 1958 anakwatira Mayi Iness NyaShaba a kuno ku Mzimba. Uthenga utafika wakuti apereka ng'ombe za lobola, akuluakulu kwathu anagwira pakamwa, poti kwa ife mwamuna amangonyamula mphasa yake n'kukakhala kuchikamwini. Mayiwa anayesetsa kuwaphunzitsa Chitumbuka, koma inu ndinu mboni: amalume anagwira "yewo" ndi "chomene" basi, zotsalazo chinali Chichewa cha ku Dowa mpaka tsiku lawo lomaliza.

Mu 1965 anasiya ntchito n'kudzamanga kamsasa ka ukalipentala pano pamphambano, pomwe msewu wotsika ku Luwawa umakumana ndi wopita ku Boma. Anaona kuti kum'mawa kuli matabwa, kumadzulo kuli alimi a chimanga ndi mtedza, kumunsiku kuli dambo losaphwa, ndipo aliyense ayenera kudutsa pakati. Anthu akaima kupempha madzi ankati "tikujumpha waka", ndiye kuti tikungodutsa. Dzina la malo ano linachokera pamenepo.

Ine ndinafika pano mu 1966. Ndinapeza nyumba zitatu za udzu, nkhungu yobisa munthu ali pafupi, ndi chisanu choti mano kugundana. Nditabwerera ndinauza mayi anga kuti amalume akukhala patchire ndi afisi.

Mu 1967 malemu anakumba chitsime m'mphepete mwa dambo. Oyendetsa malole a matabwa anayamba kuima, amayi anayamba kuwagulitsa mbatata ndi tiyi. Mu 1971 panabwera chigayo, mu 1974 msika wa Adimaki, kenako sukulu, yomwe mabenchi ake oyamba anakhoma ndi amalume. A kalembera mu 1977 anapeza anthu mazana asanu ndi anayi. Pofika 1987, msewu wa tara utadutsa, anali atapitirira zikwi zinayi: Atumbuka, Angoni, Atonga, Alomwe a ku Thyolo, Ankhonde a ku Karonga. Dzulo potsika lole ndinasochera, abale, ine munthu wamkulu! Magolosale mbali iyi ndi iyo, atelala pakhonde, positi, matchalitchi anayi, nyumba za malata mpaka kukwera phiri. Ndinachita kufunsa njira ya kwa amalume anga enieni. Ndayenda, koma tauni yomera m'moyo wa munthu mmodzi, iye akuiona ndi maso ake, sindinaionepo.

Chimodzi chokha Tikujumpha analibe, ndicho manda. Aliyense akamwalira ankapita kwawo, ndipo bokosi lake ankakhoma ndi amalume. Mayi NyaShaba atiuza kuti lole ya maliro ikanyamuka, malemu ankakhala pabenchi tsiku lonse osagwira nyundo kapena sowo. Ankati malo otumiza akufa ake kwina akadali msasa, ngakhale atamanga nyumba zosanja. Mu 1984 anapita ndi anzawo kukapempha malo kwa eni nthaka, ndipo anawapatsa chitunda cha masuku chili kuseri kwa sukulu chija. Anachilambula bwinobwino, koma palibe banja lomwe linalola kuti m'bale wawo akagone yekha patchire. Zaka zisanu chitundacho changokhala.

Mu Epulo chaka chino cha 1989 malemu anayamba kudwala chifuwa. Anagonekedwa kuchipatala cha ku Boma kawiri, koma sizinathandize. Ataona kuti mphamvu zikutha, anaitana akazi awo ndi abusa n'kunena kuti manda aja atsegula ndi iwo. Anatisiya Lachiwiri, pa 18 Julaye, ali ndi zaka 65.

Mawu awo a manda aja atatipeza, kwathu sitinawalandire. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Munthu wa mtundu wathu amagona pafupi ndi mayi ake, ndipo ine anandituma ndi mawu amodzi, akuti ndibwere nawo amalume. M'mawa uno ndinali ndisanasinthe maganizo. Kenako aphunzitsi anabwera ndi ana a sukulu kudzapepesa, mzere wake kuchokera pakhomo pano mpaka kuchigayo. Ndinafunsa angapo kuti kwawo n'kuti. Wina bambo ake ndi a ku Thyolo, wina a ku Nkhata Bay, koma onse anandiyang'ana modabwa n'kuloza pansi pomwe anaima. Ana amenewa alibe kwawo kwina, abale. Ndinachita mantha, ndipo ndinamvetsa zomwe amalume ankaona ali pabenchi paja.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Iness NyaShaba. Ana asanu, Amon, Dainess, Bestone, Nesta ndi Philomena. Zidzukulu khumi ndi zinayi. Ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Selina. Banja likuthokoza anamwino a ku Boma, amayi a Umanyano, kwathu timati a Mvano, omwe sanachoke pakhomo pano, anzawo a ku Luwawa omwe apereka matabwa, ndi Bambo Zondwayo Tembo, omwe anaphunzira ntchito kwa malemu ndipo akhoma bokosili misozi ili m'maso. Yewo chomene, monga akananenera eni ake.

Tsopano chigamulo cha banja. Ife a ku Dowa takhala pansi ndi Mayi NyaShaba ndi ana, ndipo tavomera. Lole ibwerera ndi anthu amoyo okhaokha. Pamwambo wathu dzenje lokumbidwa silikwiriridwa lopanda kanthu, choncho tatumiza lamya kuti adzukulu adule thunthu la nthochi, aliike m'menemo. Mayi anga, nkhalamba yosaona bwino, adzalira mlongo wawo pa nthochi, ndipo wokawauza pamaso ndine. Ndikuopa, sindinama. Inu a pa Tikujumpha, tikukusiyirani munthu wathu. Musawasiye okha pachitundapo, udzu usamerepo. Anyamata, tengani makasu mutsogole. Amalume, Bambo Yoram Kachigunda Mbewe, gonani mumtendere pamudzi panu.